Mwana akatsala yekha: chifukwa chake nthano zaitali zina zimatha wopezereredwa atagonja

Amene amagula mabuku akale oyalidwa m'mbali mwa misewu ya mu Blantyre ndi ku Limbe amadziwa kuti pamulu wa mabuku ochokera kunja sipalephera kupezeka nthano zaitali zolembera achinyamata, ndipo zambiri mwa izo zimakamba za mwana amene anzake akumupezerera kusukulu. Chimene chimazunguza makolo ndi aphunzitsi akawerenga mabuku otere ndi mathero ake. Ife tinakulira nthano za pamoto, momwe mwana wamasiye amavutika ndithu koma potsiriza kamba kapena nkhalamba ya kudambo imamuombola, ndipo choipa chimatsata mwini. Choncho munthu akafika patsamba lomaliza n'kupeza mwana wosalakwa ali thapsa pansi pamene womuzunzayo akuyenda mwamatama, amafunsa kuti: nanga phunziro lake ndi lotani? Kodi mlembi akuuza ana athu kuti kulimba mtima n'kopanda phindu?

Buku limene lakhala likudzutsa funsoli kwa zaka zambiri ndi The Chocolate War, lomwe analemba Robert Cormier wa ku America ndipo linatuluka mu 1974. Mpangankhani wamkulu ndi Jerry Renault, mnyamata wa m'chaka choyamba pasekondale ya anyamata ya Katolika yotchedwa Trinity. Sukuluyo imagulitsa chokoleti chaka chilichonse kuti ipeze ndalama, ndipo chaka chimenecho Brother Leon, yemwe akugwirizira udindo wa mphunzitsi wamkulu, walamula kuti mwana aliyense agulitse mabokosi 50. Kagulu kachinsinsi ka ana asukulu kotchedwa Vigils, komwe kamayendera nzeru za Archie Costello, kakulamula Jerry kuti akane kugulitsa kwa masiku 10. Masikuwo atatha, Jerry akupitiriza kukana mwa kufuna kwake, ndipo sukulu yonse ikumuukira. Pampondachimera pa nkhaniyi, ana asukulu akugula matikiti oonerera nkhonya pabwalo la zamasewero, Jerry akumenyedwa mpaka kutengedwa ndi ambulansi, ndipo m'maganizo ake omaliza akufunitsitsa kuchenjeza mnzake kuti azingochita zimene akumuuza, asamavutike n'kutsutsa. Archie salangidwa.

Kuti timvetse chifukwa chake nkhani yotere imathera pamenepo, pali mfundo zingapo zofunika kuzisiyanitsa.

Kupezerera

Si mkangano uliwonse wa ana umene uli kupezerera. Katswiri amene anayala maziko a kafukufuku wa nkhaniyi ndi Dan Olweus, mbadwa ya ku Sweden yomwe inagwira ntchito nthawi yaitali payunivesite ya Bergen ku Norway. Iye anayamba kufufuza za nkhanza za pakati pa ana asukulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma boma la Norway linadzidzimuka kwenikweni mu 1982, pamene anyamata atatu a kumpoto kwa dzikolo anadzipha atazunzidwa kwambiri ndi anzawo, ndipo mu 1983 linayambitsa ntchito yolimbana ndi khalidweli m'sukulu zonse. Olweus anati kupezerera kumadziwika ndi zinthu zitatu zikakumana: wochitayo amafuna kupweteka mnzake mwadala, amachita mobwerezabwereza, ndipo mphamvu za awiriwo n'zosiyana kotero kuti wozunzidwayo sangathe kudziteteza. Mphamvu zimenezi si za thupi zokha. Zingakhale za kalasi, za ndalama, za kutchuka, kapena za kuchuluka kwa anthu amene ali kumbali yako.

Ana awiri a msinkhu umodzi akamenyana polimbirana mpira ku Ndirande, madzulo ake amapezeka akudyera limodzi chimanga chootcha. Kupezerera kuli ngati denga lodontha pamalo amodzimodzi usiku uliwonse: dontho limodzi silivulaza, koma munthu wogona pamenepo sagonanso tulo, ngakhale tsiku limene mvula sinagwe. Aliyense amene anaphunzirapo pasekondale yogonera konko akudziwa chimene ana amati kutiza: wa Fomu 1 amachapitsidwa zovala za wamkulu, amalandidwa shuga ndi chiponde chimene mayi ake anamulongedzera, amadzutsidwa pakati pa usiku kuti ayimbe. Ena amati ndi mwambo wapasukulu chabe, ena amati ndi nkhanza zenizeni, ndipo muyezo wa Olweus umathandiza kuona pamene masewera athera. Lipoti la UNESCO la mu 2019 linapeza kuti padziko lonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anali atapezereredwa ndi anzake kusukulu kamodzi kapena kuposa m'mwezi umene unangotha pamene ankafunsidwa.

Oonerera

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo owerenga ambiri amapadumpha chifukwa maso awo amakhala pa wozunza ndi wozunzidwa basi. Mu 1996, Christina Salmivalli wa ku Finland ndi anzake anaonetsa kuti kupezerera ndi ntchito ya gulu, ndipo mwana aliyense m'kalasi amakhala ndi mbali yake. Kupatula wozunza ndi wozunzidwa, pali womuthandiza wozunzayo, pali wochemerera amene amaseka ndi kukuwiza, pali wodzipatula amene amayang'ana kumbali ngati sakuona, ndipo pali woikira kumbuyo. Maganizo amenewa ndi amene anabala pulogalamu ya KiVa, yomwe inakonzedwa payunivesite ya Turku n'kufalikira m'sukulu za ku Finland kuyambira mu 2009. Cholinga chake chachikulu ndi kusintha oonerera, pozindikira kuti wozunza amafuna omuombera m'manja.

Ku Canada, Debra Pepler ndi Wendy Craig anajambula ana akusewera m'mabwalo a sukulu za ku Toronto pogwiritsa ntchito makamera ndi timaikolofoni, ndipo anapeza kuti pa nkhanza pafupifupi 85 mwa 100 zilizonse panali ana ena akuonerera. Anapezanso kuti mwana wina akalowererapo, nthawi zoposa theka nkhanzazo zinkatha pasanathe masekondi 10. Koma olowererapowo anali ochepa. Chifukwa chake chinafotokozedwa kale mu 1968 ndi John Darley ndi Bibb Latané, omwe anaonetsa kuti anthu akachuluka pamalo pamene wina akufuna thandizo, aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye achitapo kanthu. Wokwera minibasi ya ku Chirimba sangavutike kumvetsa zimenezi. Kondakitala akamanyoza mayi wokalamba chifukwa cha chenji, anthu 15 amakhala chete, wina maso pawindo, wina pafoni. Koma munthu mmodzi yekha akati “Iwe, amenewo ndi amayi ako, alemekeze,” minibasi yonse imapeza pakamwa.

M'buku la Cormier munthu mmodzi ameneyo kulibe, ndipo mlembi wachita dala. Poyamba ana ena amasirira kulimba mtima kwa Jerry ndipo malonda a chokoleti amatsika, kutanthauza kuti gulu likanatha kupendekera kumbali yake. Vigils itangosandutsa kugulitsa chokoleti kukhala chinthu chapamwamba, omwe ankamusirira aja amabwerera. Pamafika nthawi imene ana onse amachita ngati sakumuona n'komwe. Usiku wa nkhonya, owonerera ndi amene amalemba pamatikiti awo mtundu wa nkhonya imene akufuna kuti iponyedwe, kotero kuti dzanja lomenya ndi la mnyamata mmodzi, Emile Janza, koma chilolezo chachokera kwa khamu lonse. Brother Leon amaonerera ali chapatali, ndipo pambuyo pake amamuteteza Archie.

Chithandizo

Mawu akuti chithandizo pano sakutanthauza ndalama kapena uphungu wa akatswiri wokha. Akutanthauza anthu amene mwana angawauze zimene zikumuchitikira, iwo n'kumukhulupirira, n'kuchitapo kanthu. Kafukufuku wotchuka pa nkhaniyi ndi wa Emmy Werner, yemwe pamodzi ndi anzake anatsatira moyo wa ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atafika zaka 40. Mwa ana amene anabadwira m'mavuto aakulu, monga umphawi, mikangano ya m'banja kapena matenda a makolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu anakula bwinobwino n'kukhala munthu wodalirika. Chimodzi mwa zinthu zimene zinkawasiyanitsa ndi anzawo chinali chakuti anali ndi munthu wamkulu ngakhale mmodzi amene ankawakonda ndi kuwasamala, ndipo kawirikawiri sanali kholo lowabereka koma agogo, azakhali, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba.

Tingayerekeze ndi mafuwa. Mphika umakhala pa atatu: banja, anzake a mwanayo, ndi akuluakulu apasukulu. Fuwa limodzi likasuntha, wophika amatha kuchirikiza ndi dzanja mpaka nsima ipse. Onse atatu akachoka, palibe luso lophika limene lingapulumutse mphikawo. Wowerenga mosamala amaona kuti Cormier amachotsa mafuwawo limodzilimodzi nkhani isanafike pachimake. Mayi ake a Jerry amwalira ndi khansa miyezi yochepa nkhaniyi isanayambe. Bambo ake, omwe amagwira ntchito yogulitsa mankhwala, ndi munthu wabwino koma chisoni chawafoola, kotero kuti funso lililonse amaliyankha kuti zinthu zili bwino, ndipo foni zachipongwe zikamalira usiku Jerry sawauza chenicheni chimene chikuchitika. Mnzake wapamtima, wotchedwa Goober, amamumvera chisoni koma mantha amamukulira. Amajomba kusukulu masiku ovutitsitsa, ndipo amafika pabwalo zinthu zitapita kale patali. Sukulu, yomwe ikanayenera kukhala pothawira, ndiyo ikupindula ndi kugonja kwake.

Ndinaphunzira pasukulu ina yogonera konko, yomwe sinditchula dzina. Ndimakumbukira mnyamata wina wa Fomu 1 amene ankabwera mochedwa kuchipinda chodyera tsiku lililonse, anzake atatha kale, n'kudya nsima yozizira ndi msuzi wa nyemba ataimirira pafupi ndi khomo. Tonse tinkadziwa chifukwa chake, ndipo sindikumbuka kuti wina wa ife, kuphatikizapo ine, anamufunsapo kanthu. Teremu yachitatu sanabwererenso. Kwathu timanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mawuwa ndi oona pamene mwana ali pamudzi pakati pa amalume ndi azakhali ake. Koma mwana wa m'tauni amene makolo ake amanyamuka m'bandakucha kupita kuntchito ku Makata n'kubwerako kutada, kapena amene watumizidwa kusukulu yakutali komwe mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana ochuluka zedi, angathe kukhala pakati pa anthu mazanamazana koma wopanda womuuza.

Kutaya mtima

Chimene chimapweteka owerenga ambiri m'mathero a bukuli si mabala a Jerry, koma kusintha kwa maganizo ake. Mnyamata amene anayamba ndi kukana akutsiriza ndi kulangiza mnzake kuti azingovomera. Akatswiri a zamaganizo ali ndi kafotokozedwe kake. Mu 1967, Martin Seligman ndi Steven Maier a payunivesite ya Pennsylvania anaona kuti agalu amene anazunzidwa ndi magetsi popanda njira yothawira, pambuyo pake ankangogona pansi n'kumalira ngakhale njira itatseguka. Iwo anati nyamazo zaphunzira kuti palibe chimene zingachite. Mu 2016 akatswiri omwewa anakonza maganizo awo potengera zimene zinapezeka zokhudza ubongo: kungokhala osachita kanthu ndi mmene thupi limachitira mwachibadwa mavuto akatalika, ndipo chimene chimaphunziridwa ndi chidaliro chakuti zochita zako zingasinthe zinthu.

Wokhala ku Blantyre m'nyengo imene madzi avuta amadziwa mmene zimakhalira. Tsiku loyamba umatsegula mpopi ola lililonse. Pofika tsiku lachisanu sutsegulanso, ndipo madzi angathe kubwera usiku iwe osadziwa. Mwana amene anauza mphunzitsi n'kuyankhidwa kuti “Limba mtima, ndiwe mwamuna,” nauza kholo n'kumva kuti “Ifenso tinadutsa momwemo,” amasiya kutsegula mpopi. Ngati chidaliro chimachita kuphunziridwa, ndiye kuti pamafunika wina amene ayankhe mwanayo akaitana, ngakhale kamodzi. Ndi chifukwa chake mathero a Jerry, ngakhale ndi owawa, sachokera kumwamba: ndi zotsatira za kuitana kumene sikunayankhidwe m'mitu yonse ya m'mbuyo.

Mathero owawa ndi mkangano wake

Cormier ankafotokoza kuti nkhaniyi inayamba pamene mwana wake weniweni anakana kugulitsa chokoleti kusukulu kwake. Makolo anamuvomereza, ndipo palibe choipa chimene chinamuchitikira. Mlembiyo anangodzifunsa kuti zikanatha bwanji zinthu zikanapanda kuyenda choncho. Ofalitsa mabuku angapo analikana bukuli, ena akufuna kuti asinthe mathero, koma iye anakana. Kanema wa bukuli amene anatuluka mu 1988 anasintha ndithu, ndipo Jerry ndi amene amamenya Archie pomaliza. Bukuli lakhala nthawi yaitali pamndandanda wa mabuku amene makolo ku America amapempha kuti achotsedwe m'sukulu, pa zifukwa za chilankhulo chake, zachiwawa ndi zina.

Oikira kumbuyo mathero otere amati mwana amene akuzunzidwa amadziwa kale kuti chilungamo sichibwera chokha, ndipo buku lomunamiza limamusiya yekha kachiwiri. Amatinso mathero owawa amaloza chala wowerenga, yemwe nthawi zambiri amafanana ndi Goober kuposa Jerry, ndi kumufunsa kuti iye akanaima pati. Otsutsa amati wachinyamata amene ali pakati pa mavuto sawerenga ngati wophunzira za luso la zolemba. Amadziona yekha mwa mpangankhaniyo, ndipo angatengepo phunziro lakuti kuyankhula n'kutaya nthawi.

Mkanganowu umakula pamene nthano yathera pa imfa. Mu 1774 Johann Wolfgang von Goethe wa ku Germany anatulutsa buku lonena za mnyamata wotchedwa Werther amene amadzipha, ndipo kunamveka mbiri yoti achinyamata ena akumutsanzira, mpaka bukulo linaletsedwa m'madera ena. Mu 1974, chaka chomwe buku la Cormier linatuluka, David Phillips wa ku America anagwiritsa ntchito dzina la Werther pofotokoza zimene anapeza, zakuti chiwerengero cha odzipha chimakwera nyuzipepala zikalemba kwambiri za kudzipha kwa munthu wina. Mu 2010, Thomas Niederkrotenthaler wa ku Vienna ndi anzake anapeza mbali inayo: nkhani za anthu amene anafika pothedwa nzeru koma n'kupeza njira ina zimaoneka kuti zimateteza owerenga. Anatchula zimenezi ndi dzina la Papageno, mpangankhani wa m'sewero loimba la katswiri wopeka nyimbo Mozart, amene anyamata atatu amamubweza atatsala pang'ono kudzipha.

Chitsanzo chaposachedwa ndi Thirteen Reasons Why, buku la Jay Asher la mu 2007, momwe mtsikana wotchedwa Hannah Baker amapita komaliza kwa mlangizi wapasukulu koma osapeza thandizo limene amafuna. Kampani ya Netflix, yoonetsa makanema pa intaneti, itatulutsa kanema wake mu 2017, akatswiri ena anapeza kuti achinyamata odzipha ku America anachuluka m'mwezi wotsatira, pamene ena atawerengeranso ziwerengero zomwezo anati umboniwo ndi wosakwanira. Mu 2019 Netflix inadula chigawo choonetsa imfa ya mtsikanayo. Akatswiri a zaumoyo wa m'maganizo amachenjezanso kuti kudzipha sikuchitika pa chifukwa chimodzi, ndipo ana ochuluka kwambiri amene amapezereredwa safika pamenepo, ngakhale kuti chiopsezo chawo n'chokwera kuposa cha anzawo.

Pamene buku lisiyana ndi moyo

Mlembi amatseka zitseko zonse chifukwa akufuna kuonetsa chimene chimachitika zikatsekeka, ndipo amasankha tsamba loti alekezere. Moyo sulekeza patsamba limenelo. Ngakhale Cormier yemwe anabwereranso kwa Jerry m'buku lopitiriza nkhaniyi la mu 1985, momwe mnyamatayo amakachira kwa abale ake ku Canada. Kuno kwathu zitseko zina zilipo: lamulo la mu 2010 losamalira ndi kuteteza ana, lamulo la mu 2016 lomwe limaletsa kuzunza ena kudzera pa intaneti, nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane yomwe bungwe la YONECO limayendetsa, maofesi othandiza ochitiridwa nkhanza kupolisi, ndi malo othandizira ana ochitiridwa nkhanza pachipatala cha Gulupu. Koma kukhalapo kwa chitseko ndi kufika kwa mwana pachitsekopo ndi zinthu ziwiri, ndipo pakati pake pamafunika munthu woti amugwire dzanja. Kafukufuku wa mu 2014 wa Ryu Takizawa, Barbara Maughan ndi Louise Arseneault, wotsatira anthu obadwa mu 1958 ku Britain, anapeza kuti amene anapezereredwa ali ana anali akadali ndi zipsera zake pa umoyo wa m'maganizo ndi pa ubale wawo ndi anthu ena atafika zaka 50.

Mafunso amene akadali poyera

Palibe mgwirizano pa msinkhu umene mwana angawerenge nthano yotere payekha, kapena ngati kuiwerenga m'kalasi pamodzi ndi mphunzitsi kumasintha zimene mwanayo amatengapo. Mphunzitsi wa Fomu 3 amene akufunsa ana kuti “Phunziro la nkhaniyi ndi lotani?” angalandire mayankho awiri otsutsana, lakuti usamalimbane ndi gulu ndi lakuti usamusiye mnzako yekha, ndipo onse awiri ali ndi umboni m'buku. Kodi mlembi ali ndi udindo pa yankho limene mwana wasankha, kapena udindowo ndi wa amene anamupatsa bukulo?

Funso lina likukhudza kumene kafukufukuyu anachokera. Zambiri zimene tatchulazi zinapezeka ku Ulaya ndi ku America, m'makalasi ang'onoang'ono okhala ndi alangizi. Kodi njira yonga KiVa ingagwire chimodzimodzi m'kalasi ya ana oposa 100, kapena m'chipinda chogona momwe wamkulu woyang'anira anzake ndi yemweyo wotiza? Nanga mwambo wathu wolemekeza akuluakulu, womwe umapatsa mwana amalume ndi agogo oti athawireko, suthanso kumutseka pakamwa pamene womulakwirayo ndi wamkulu? Ndipo tsopano pamene chipongwe chimamutsatira mwana mpaka kuchipinda kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, woonerera ndi ndani: amene watumiza chithunzicho kwa ena, amene waika chizindikiro choseka, kapena aliyense wa m'gulumo amene wachiona n'kungokhala chete?